KUDYETSA KAYE CHODYEDWA: PHUNZIRO LA CHAKUDYA CHA TIANA TA NSOMBA

Anzanga, abambo ansembe ndi makolo amene mumawerenga magazini yathu ino, ndafuna kuti tiphunzire pamodzi mbali imodzi ya ulimi wa nsomba imene sitchulidwa kawirikawiri. Tonse timadziwa kuti nsomba za m'dziwe zimadya madeya, masamba ndi zina zotero. Koma nanga kansomba kongoswedwa kumene, kosakwana ngakhale theka la sentimita, kamadya chiyani? Funsoli n'lalikulu ndithu, pakuti nsomba zambiri zoweta zimafa m'masabata oyambirira a moyo wawo. Paja akuluakulu anati m'mera m'poyamba.

Vuto la kansomba kakang'ono

Kansomba kakaswedwa kamakhala ndi kathumba ka chakudya pamimba, kamene kamatha m'masiku owerengeka. Kathumbako kakatha, mavuto atatu amayamba. Poyamba, kamwa yake ndi yaing'ono kwambiri. Kachiwiri, m'mitundu yambiri chifu chimakhala chisanakhwime, motero sichitha kugaya bwino chakudya chouma. Kachitatu, tiana tambiri timagwira chinthu chokhacho chimene chikuyenda m'madzi. Pa zifukwa zimenezi alimi amaweta tizilombo tamoyo toti tiana ta nsomba tizidya.

Tizilombo tiwiri totchuka

Koyamba ndi rotifer, makamaka mtundu wa Brachionus plicatilis. N'kochepa zedi, sikafika ngakhale theka la milimita, ndipo kamasambira pang'onopang'ono. Ku Japan kankaonedwa ngati kowononga m'maiwe a mikunga, mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene akatswiri a kumeneko anaona kuti n'koyenera kukamwa kwa tiana ta nsomba za m'nyanja ya mchere.

Kachiwiri ndi Artemia, kachilombo kapachibale ndi nkhanu kamene kamakhala m'madzi a mchere wambiri, monga nyanja ya Great Salt Lake ku Utah, ku America. Mazira ake ali ngati mchenga wofiirira, ndipo akauma amasungika zaka m'chitini. M'galamu imodzi mumakhala mazira oposa 200,000. Ukawaika m'madzi a mchere ofunda madigiri 25 mpaka 28, n'kumapopamo mpweya powala bwino, amaswa patatha maola pafupifupi 24. Alvin Seale ku America mu 1933 ndi Gunnar Rollefsen ku Norway mu 1939 ndiwo anasonyeza kuti tiana ta Artemia ndi chakudya chabwino cha tiana ta nsomba.

Mimba yokhuta, thupi lanjala

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Alimi a ku Japan atafuna rotifer wochuluka, anayamba kumudyetsa yisiti wophikira buledi m'malo mwa ndere za m'nyanja. Rotifer anaswana bwino, tiana ta nsomba tinadya n'kukhuta, koma tinayamba kufooka ndi kufa tambirimbiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Takeshi Watanabe ndi anzake anapeza chifukwa chake: rotifer wodya yisiti analibe mafuta ena ofunika, a gulu la omega-3, otchedwa EPA ndi DHA. Vuto lofanana linaonekanso ndi Artemia, pakuti wochokera m'nyanja zina ankalera bwino nsomba pamene wina ankalephera. Komanso Artemia pafupifupi aliyense ali ndi DHA wochepa kwambiri.

Mafutawa ali ndi ntchito yanji? DHA amapezeka wambiri mu ubongo ndi m'maso. Kansomba kosowa DHA sikaona bwino, choncho kamaphonya chakudya, kamakula mochedwa ndipo kamafa msanga kakangogwiridwa kapena madzi akasintha. Nsomba zaphanthiphanthi monga turbot ndi flounder zimatulukanso ndi khungu la mawanga oyera chakudya chikakhala chosayenera, ndipo pamsika zotere zimatsika mtengo. M'nyanja, tiana timeneti timadya tizilombo totchedwa copepod timene tili ndi DHA wambiri mwachibadwa. Nsomba za m'nyanja ya mchere sizitha kudzipangira mafutawa okwanira m'thupi, motero ziyenera kuwapeza m'chakudya.

Njira yothetsera vutoli ndi yosavuta kuimvetsa. Rotifer ndi Artemia sasankha chakudya. Amangosefa madzi n'kumeza kanthu kalikonse kochepa mokwanira. Choncho tikaika timadontho ta mafuta a nsomba m'madzi mwawo, amameza mpaka matumbo kudzaza. Kansomba kakadya kachilomboko, kamadyera kumodzi ndi mafutawo. Ine ndimakuyerekeza ndi mayi wothira nsinjiro m'phala la mwana: phala ndi lomwelo, koma tsopano lili ndi zomanga thupi.

Kachitidwe kake

Mafuta sasakanikirana ndi madzi, choncho amayamba apukusidwa pamodzi ndi chinthu chowagawa timadontho tosaoneka ndi maso. A ku Japan ankagwiritsa ntchito mafuta a chiwindi cha nsomba kapena cha cuttlefish ndi chachikasu cha dzira. Pa yunivesite ya Ghent ku Belgium, kumene Patrick Sorgeloos anatsogolera Artemia Reference Center yokhazikitsidwa mu 1978, njirayi inakonzedwa bwino, ndipo kunatuluka mafuta okonzeratu monga Selco. Ndere zina monga Nannochloropsis, imene ili ndi EPA, ndi Isochrysis, imene ili ndi DHA, zimagwiranso ntchito yomweyi. Momwemonso amalowetsa vitamini C ndi zina zofunika.

Pali mfundo zinayi zoti tizikumbukire. Yoyamba: Artemia wongoswedwa kumene sadya, chifukwa kamwa yake sinatseguke. Amayamba kudya akafundula koyamba, patapita maola pafupifupi 8, ndipo kuthira mafuta nthawiyi isanakwane n'kungotaya ndalama. Yachiwiri: kudyetsaku kumatenga maola 12 mpaka 24, ndipo pafunika mpweya wambiri pakuti mafuta amachepetsa mpweya m'madzi. Yachitatu: mukamaliza muyenera kutsuka tizilomboto bwinobwino pa sefa, chifukwa madzi a mafuta amaswetsa mabakiteriya monga Vibrio amene amapha nsomba. Yachinayi: musachedwe kupatsa nsomba. Artemia ndi chamoyo, ndiye amagaya mafutawo ndi kusandutsa DHA kukhala EPA. Ngati pafunika kumusunga, aikidwe m'madzi ozizira osafika madigiri 10.

Nanga kuno kwathu?

Mwina wina afunsa kuti, "Zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Malawi kopanda nyanja ya mchere?" Nsomba zathu zili ndi mwayi pawiri. Nsomba zambiri za m'madzi opanda mchere zimatha kudzipangira EPA ndi DHA kuchokera ku mafuta a zomera. Komanso chambo ndi makumba amafungatira mazira ndi ana m'kamwa, kotero kuti ana akamatuluka amakhala okulirapo, otha kudya chakudya chosinja bwino.

Mlamba ndiye wosiyana. Tiana take timayamba kudya patatha masiku atatu chiswedwereni, ndipo masiku oyambawo timakula bwino ndi chakudya chamoyo. Tikasowa chakudya timadyana tokhatokha. N'chifukwa chake oswetsa milamba amagula mazira a Artemia, amene ndi okwera mtengo popeza amachokera kunja, kapena amaweta tizilombo ta m'madzi athu omwe monga Moina ndi rotifer wa m'maiwe. Mlimi akathira zitosi za nkhuku m'dziwe mpaka madzi kubiriwira, akudyetsa ndere. Ndere zikudyetsa tizilombo. Tizilombo tikudyetsa nsomba. Mfundo yake ndi yomwe ija ya ku Japan ndi ku Belgium. Za kuswetsa nsomba zimaphunzitsidwa ku National Aquaculture Centre ku Domasi ndi ku Bunda.

Pomaliza, ndikupempha anzanga a kalasi ya Biology kuti mutunge madzi obiriwira a m'dziwe, muike dontho limodzi pa maikulosikopu. Mudzaona rotifer akupalasa madzi ndi timatsitsi ta kumutu kwake, matumbo ali obiriwira ndi ndere zimene wadya. Zimene zili m'matumbomo ndizo zidzamange maso ndi ubongo wa kansomba kamene kadzamudye.