PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA MLATHO WA PA KHOMO

Mwezi uno tiphunzira za kanthu kamene ife oyenda ndi miyendo sitikaona konse, ndiko kukwera kwa khonde ndi ciundo ca nyumba. Pomanga nyumba timakweza khonde kuti madzi a mvula asalowe, ndipo ticita bwino. Wamiyendo angonyamula phazi kamodzi, walowa. Koma kwa mbale wathu woyenda pa njinga ya olumala, khonde lomwelo liri ngati linga. Timagudumu ta patsogolo tigunda pa njerwa nitiima, ndipo ngakhale msinkhu wa zala ziwiri ukwanira kumletsa.

M'mudzi wina ndinaona mkuru amene anagwa pa denga pofolera, nathyoka msana. Pocokera ku cipatala analandira njinga, ndipo anthu anakondwa, nati, Tsopano adzayenda. Koma inapita miyezi iye osaturuka, pakuti khonde lace linali la njerwa ziwiri, ndipo mkazi wace sanakhoza kumnyamula yekha. Pofuna kuothera dzuwa kapena kupita kucimbudzi anayenera kulindira anyamata abwere ku munda. Milandu ya pa bwalo, imene kale anali kuimva pamodzi ndi akuru anzace, inaweruzidwa iye kulibe. Njinga anali nayo, koma njira analibe.

1. Mlathowo ndiwo ciani?

Ndiwo matabwa kapena citsulo cogonekedwa motsetsereka kucokera pansi kufikira pa khonde, kuti magudumu akwere pang'onopang'ono. Ena auchula rampu. Ulipo womangidwa ndi simenti, wosasunthika. Koma ife tinena za wonyamulika. Ubwino wace ndi uwu: wokhala m'nyumba ya lendi sayenera kugumula khonde la mwini wace, ndipo posamuka anyamula mlatho wace; ndiponso mlatho womwewo upita naye kokaceza, ku ukwati ndi ku maliro.

M'masitolo a m'mizinda ikuruikuru mupezeka ya citsulo copepuka cochedwa aluminiyamu. Ina ipindika pakati nikhala ndi cogwirira ngati sutikesi. Ina iri ngati ngalande ziwiri, gudumu liri lonse ngalande yace. Koma imeneyi siithandiza wokhala ndi njinga ya magudumu atatu, pakuti gudumu la pakati lisowa poponda. Wogula awerenge kulemera kumene kwalembedwa pa mlathowo, nawerengere pamodzi munthu, njinga, ndi wokankha yemwe. Koma m'midzi mwathu mmisiri wa matabwa akhoza kupanga wabwino, akadziwa muyeso wace.

2. Muyeso wace

Apa ndipo pagona phunziro lonse. Ambiri atenga thabwa liri lonse lalifupi, naligoneka pa khonde, nayesa kuti athandiza. Koma mlatho waufupi uimirira ngati phiri. Pokwera, njinga inyamuka patsogolo, munthu nagwa cagada, nagunda nkhongo. Potsika, ithamanga, munthu nagwa cafufumimba. Wothyoka msana akagwa kaciwiri, tsoka lace liposa loyamba.

Ku Amereka, m'caka ca 1990, anaika lamulo lochinjiriza anthu olumala, ndipo miyeso yotsata lamulolo iti msinkhu wa inchi imodzi ufuna utali wa mainchesi 12, ndilo phazi limodzi. Muyesowo anauikira nyumba zolowamo anthu onse, monga masukulu ndi masitolo, koma uthandizanso pa khomo la munthu, ndipo maiko ambiri atsata womwewo. Motero khonde la mainchesi 6 lifuna mlatho wa mapazi 6. La mainchesi 12 lifuna wa mapazi 12. Owerenga masentimita adziwe kuti msinkhu wa 15 ufuna utali wa 180.

Wopanda tepi asade nkhawa. Aimike kamtengo pansi pa khonde, akadule molingana ndi msinkhu wa khondelo, ndipo akagoneke pansi ka 12 motsatizana, kuyambira pa khonde kunka ku bwalo. Pamene pathera kamtengo ka 12, pomwepo ndipo payambire mlatho. Miyeso ya ku Amereka ilola kufupikitsa pokhapo pamene malo acepa ndi msinkhu uli waung'ono: timitengo 10 ngati msinkhu suposa mainchesi 6, ndi timitengo 8 ngati suposa mainchesi 3. Kufupikitsa koposa apa ndiko kuchera mbale msampha.

3. Kapangidwe kace

Kupingasa kwace kukhale mapazi 3. Matabwa akhale ocindikira, opanda mfundo zazikuru kapena ming'alu, okhomeredwa pa mitanda yolimba ya pansi, kuti asapindike polemedwa. M'mbali zonse ziwiri mukhomere timatabwa toimirira, ta msinkhu wa mainchesi 2 kapena kuposa, kuti gudumu likapatuka lisagwere kunja. Mutu wa mlatho ugone pa khonde ndithu, usangotsamira m'mphepete. Ndipo ku mapazi kwace museme thabwa likhale lopyapyala, kuti timagudumu tisapunthwe poyamba kukwera. Mukhomenso zikhomo ziwiri pansi, ku mapaziko, kuti mlatho usabwerere m'mbuyo.

Thabwa lonyowa literera ngati therere. Cifukwa cace sakanizani mcenga wosefa ndi penti, nimupake pamwamba pace. Musapake oilo wa galimoto poponda magudumu, ngakhale aingitsa ciswe. Mupake kunsi kokha. Musakhomenso timitengo topingasa monga pa makwerero a nkhuku, pakuti tiimitsa timagudumu ta patsogolo. Misomali yonse ilowe, isaturukire, ingaboole matayala.

Mlatho wa matabwa ukatalika ulemera, ndipo mkazi mmodzi sakhoza kuunyamula. Khonde likakhala lalitali ndithu, nkwabwino kuunjika dothi motsetsereka, kulitsendera, ndi kuchinga m'mbali ndi njerwa. Pamenepo mlatho wonyamulika ukhale wa pa ulendo wokha.

Yang'anani khomo lomwe. Citseko citatseguka, mpata ukhale wa mainchesi 32, kuti njinga ipite pamodzi ndi manja oyendetsa magudumu. Pamwamba pa mlatho pakhale malo osalala okwanira njinga yonse, makamaka ngati citseko citsegukira kunja. Pakuti munthu sakhoza kugwira gudumu pa mtsetse ndi kutsegula citseko nthawi imodzi. Pofuna kutembenuka, njinga ifuna malo a mapazi 5.

4. Kayendedwe kace

Musanakwezepo mbale wanu, yambani mwayendapo inu nokha, nimudumphe pang'ono, muone ngati ugwedezeka. Nthawi ya dzinja yang'anani pansi, pakuti matope amiza mbali imodzi, mlatho nupendekeka.

Wothandiza akumbukire mau awa: malo ace ndi kumunsi nthawi zonse. Pokwera akhale kumbuyo kwa njinga nakankhe. Potsika pa mlatho woimirira atembenuze njinga, atsike cam'mbuyo, iye ali kumunsi, kuti thupi lace licirikize kulemera konse. Asatembenuze njinga pakati pa mlatho, ndipo asaisiye osamanga mabureki. Ana asaloledwe kusewerapo kapena kukankha munthu wamkuru.

Ndiponso wothandiza ayambe wafunsa, kuti, Kodi ndikukankheni, bambo? Njinga iri ngati miyendo ya mwini wace, ndipo kuigwira osapempha ndi cipongwe. Ambiri ali ndi mphamvu m'manja, nakhoza kukwera okha ngati muyeso uli woona. Cimene afuna ndico kulowa ndi kuturuka pa nthawi imene afuna eni ace, osayamba aitana munthu.

Usiku mlatho wa pa nyumba yogonamo usacotsedwe. Ena auimika kuseri poopa mbala kapena mame. Koma taganizani, moto ukabuka pa denga la udzu pakati pa usiku, adzaufuna ndani mumdima? Woopa mbala aumange ndi unyolo pa nsanamira ya khonde.

5. Nchito imeneyi nja yani?

M'caka ca 2006 bungwe la United Nations linagwirizana pangano la ufulu wa anthu olumala, ndipo dziko la Malawi linalivomereza m'caka ca 2009. Panganolo liti maiko acotse zopinga, kuti olumala afike kumene ena afika. Koma boma silidzabwera kudzayesa khonde la nyumba yanu. Imeneyo ndi nchito ya mbumba ndi ya anansi. Mutu umodzi susenza denga: wina apereke thabwa, wina misomali, mmisiri apereke tsiku limodzi. Mlatho umodzi wosungidwa kwa nyakwawa ukhoza kutumikira mudzi wonse pa maliro ndi pa maukwati. Ndipo amene ali kumanga nyumba tsopano aganiziretu za ukalamba wace, pakuti akuru anati, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Mkuru uja adzukulu ace anampangira mlatho wa mapazi 6 ndi matabwa a bulugamu. M'mawa mwace anatsika yekha, napita pansi pa mtengo wa mango pamene panakhala anzace, ndipo mkazi wace anapita ku munda mtima uli pansi.

MAFUNSO

1. Khonde la mainchesi 9 lifuna mlatho wa mapazi angati?
2. Wopanda tepi ayesa bwanji utali wa mlatho?
3. Wothandiza aima kuti pokwera, nanga potsika?
4. Cifukwa ninji mlatho usacotsedwe usiku?
5. M'mudzi mwanu ndani amene sanaturuke m'nyumba mwezi uno cifukwa ca khonde? Pitani mukayese khonde lace sabata lomwe lino.