Mwana Akalemba Lamulo, Kompyuta N'kukana: Malangizo pa Masewera a Mawu Okhaokha

Magetsi akazima ku Kafue Estates, wailesi yakanema imakhala chete ndipo ana amathamangira foni ya makolo. Masewera azithunzi amatha batire ndi bandulo msanga. Koma pali mtundu wina wa masewera, wa mawu okhaokha: kompyuta imafotokoza malo amene uli, iwe n'kulemba chochita m'Chingelezi, iyo n'kuyankha. Ambiri mwa masewerawa ndi aang'ono kuposa chithunzi chimodzi chojambula pa foni, ndipo ukawatsitsa safunanso intaneti. Pa Android amatseguka ndi pulogalamu ngati Fabularium, pa iPhone ndi Frotz.

Chimene chimagwetsa ana ulesi n'chimodzi. Mwana akudziwa chofunika kuchita, walemba, koma kompyuta ikuti sinamve. Akayesa kangapo amataya foni n'kunena kuti masewerawo ndi opusa. Musamukalipire, ndipo musamulande foni kuti mumuchitire. Muthandizeni motere.

Choyamba, mufotokozereni kuti kompyutayo simva chinenero ngati munthu. Ili ndi mndandanda wa mawu amene wolemba masewerawo anaikamo, basi. Masewera oyamba otchuka a mtunduwu, Colossal Cave Adventure, analembedwa ndi Will Crowther cha mu 1976, potengera mapanga a ku Kentucky amene iye ankalowamo, ndipo Don Woods anawakulitsa mu 1977. Masewerawa ankalandira mawu awiri okha, mneni ndi dzina la chinthu, komanso ankawerenga zilembo zisanu zoyamba za liwu lililonse. Wolemba NORTHEAST ankapita kumpoto, chifukwa kompyuta inkaona NORTH yekha. Pankafunika kulemba NE. Zork ya kampani ya Infocom, imene inayamba kugulitsidwa mu 1980, inkamva chiganizo chathunthu, komabe nayo inali ndi malire ake.

Chachiwiri, afupikitse lamulo. Ana athu amaphunzitsidwa ulemu kusukulu, ndiye amayamba ndi kupempha, n'kulemba chiganizo chachitali ngati kalata yopita kwa aphunzitsi aakulu. Apa zimenezo n'zosafunika. Mneni patsogolo, chinthu pambuyo: TAKE LAMP, OPEN DOOR, READ NOTE. Pakafunika chida, chibwere kumapeto: UNLOCK DOOR WITH KEY.

Chachitatu, pezani kope lakale la kusukulu, mulembe patsamba loyamba mawu amene masewera ambiri amawadziwa. LOOK ndi kuonanso malo onse. EXAMINE, kapena X yekha m'masewera atsopano, ndi kuyang'anitsitsa chinthu chimodzi. I amaonetsa zimene wanyamula. N, S, E, W, UP ndi DOWN ndi za kuyenda. Onjezerani TAKE, DROP, PUT, PUSH, PULL, TURN, GIVE ndi ASK. Mwana akakakamira, ayambe wayesa mawu a m'kopemo asanaganize za ena achilendo. M'masamba otsatira azijambula mapu: bokosi lililonse likhale chipinda, mzere ukhale njira.

Chachinayi, agwiritse ntchito dzina limene masewerawo atchula. Ngati nkhani yati lantern, alembe liwu lomwelo, asalembe torch poti ndi limene timanena kunyumba. Ayang'anenso kalembedwe, pakuti chilembo chimodzi chikasowa, lamulo lonse lagwa. Pa foni zimitsani kaye kachida kokonza mawu kokha, chifukwa kamasintha zimene mwana walemba iye osazindikira.

Chachisanu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, awerenge yankho lokanalo bwinobwino. Kukana kuli mitundu itatu. Kompyuta ikati liwulo silidziwa, asinthe liwu. Ikati chinthucho sichikuoneka pano, mawu ali bwino koma chinthucho chili kwina, kapena chili m'bokosi lotseka. Ikafotokoza chifukwa chimene zalepherekera, lamulo lamveka ndithu, ndipo chatsala ndi kuganiza. Mu Colossal Cave Adventure muli kambalame m'phanga. Mwana alemba TAKE BIRD, kambalameko n'kuchita mantha. Akhoza kusintha mneni mpaka kutopa, osaphula kanthu, chifukwa vuto ndi ndodo yakuda imene wanyamula. Akaisiya pansi, ali ndi khola la mbalame m'manja, lamulo lomwe lija ligwira ntchito. Mwana amene waphunzira kusiyanitsa mitundu itatuyi sakwiyanso msanga.

Chachisanu ndi chimodzi, asaope kulakwitsa. Alembe SAVE asanalowe malo oopsa, RESTORE kuti abwerere pomwe anasungira, ndipo m'masewera ambiri atsopano UNDO amafafaniza chimene wangochita. Ayesenso HELP, HINT kapena ABOUT poyamba penipeni.

Pomusankhira masewera, musayambe ndi akale kwambiri. Kuchokera pamene Graham Nelson anatulutsa chida cholembera masewera chotchedwa Inform mu 1993, olemba ambiri amatsata mawu ofanana, kotero zimene mwana waphunzira pa amodzi zimagwiranso pa ena. Mpikisano wa IFComp umachitika chaka chilichonse kuyambira 1995, ndipo masewera ambiri aulere amapezeka kudzera pa webusaiti ya IFDB. Lost Pig, imene inapambana mpikisanowu mu 2007, imayankha zinthu zambiri zimene mwana angayese, ngakhale Chingelezi chake n'chothyoka dala pofuna kuseketsa, choncho asachitengere ku mayeso. Masewera ena ndi a akuluakulu, ndiye yambani mwawerenga kufotokoza kwake.

Pomaliza, asewere awiri kapena atatu: wina awerenge mokweza, wina alembe, wina agwire kope. Mutu umodzi susenza denga, ndipo liwu limene lasowa mmodzi kawirikawiri mnzake amalipeza. Akalephera onse kwa mphindi ngati makumi awiri, aloleni aone HINT, kapena asunge masewerawo adzapitirize mawa.