Za Galimoto Yanu: Makalata a Sabata Ino

Makalata abwera ambiri, choncho tiyambe msanga.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina, mphunzitsi wa ku Mchinji. Akuti asunga ndalama zogulira galimoto yawo yoyamba, koma anzawo agawikana: ena akuti Toyota Vitz, ena Honda Fit, ena Nissan Note. Iwo akufunsa kuti, pa zitatuzi, ndi iti yomwe sidzawavuta kugulitsa zaka zikadutsa?

Aphunzitsi, anzanu onsewo ali ndi mfundo. Fit ili ndi malo ambiri m'kati chifukwa thanki yake ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye mipando yakumbuyo imapindika mpaka pansi, mutha kulowetsa matumba a chimanga bwinobwino. Note nayo ndi yotakasuka. Koma mwandifunsa za kugulitsa, ndipo pamenepo ine ndikuti Vitz. Munthu wodzagula kwa inu sadzayamba ndi kuyang'ana mipando. Mumtima mwake adzadzifunsa kuti, ikandifera pa Kamwendo madzulo, adzaikonza ndani, nanga sipeya ndikaipeza kuti? Masipeya a Toyota ali mbwee ku Ndirande, ku Malangalanga, ku Mzuzu. Injini ya 1KR ya Vitz yaing'ono ndi yomweyo ili mu Passo. Ya 1NZ muipeza mu Sienta, mu Probox, mu Fielder. Makaniko wa pa boma lililonse anaitsegulapo. Mtengo wa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito umagona pa mtendere wa mumtima woterewu.

Ndiwonjezere chenjezo limodzi, chifukwa nkhaniyi imandipweteka. Galimoto zambiri zazing'onozi, Vitz za kuyambira 2005 zomwe, zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, yoyenda ndi lamba wachitsulo. Imafuna oyilo wakewake. Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3 malinga ndi chaka chake, Fit zakale zimafuna HMMF. Mukathiramo oyilo wamba wa otomatiki, lamba amayamba kuterereka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, kenako giyabokosi yatha. Mbiri yoipa ya Fit ndi Note kuno kwathu, gawo lina, inachokera m'botolo lolakwika. Mukapeza Fit yosamalidwa bwino pa mtengo wotsika, ndipo mukufuna kukhala nayo nthawi yaitali, musaiope.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Zomba. Akuti munthu wina akufuna kugula Sienta yawo ndi ndalama zoposa zomwe iwo anagulira mu 2021. Akufunsa kuti, kodi si phindu limeneli?

Mayi, dikirani pang'ono. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Galimoto zimenezi timazigula ndi madola ku Japan, zitsike pa doko la Dar es Salaam, zilowe pa Songwe, kenaka msonkho wa MRA pamwamba. Sienta yanu sinakwere mtengo, ndalama yathu ndiyo yapepuka. Musanavomere, pitani mukafunse kuti Sienta ngati yomweyo ikufika pa zingati lero, msonkho ndi zonse. Ngati ndalama akukupatsanizo sizingagule inzake, ndiye kuti mutsala wapansi. Dziwaninso kuti Sienta ili ndi msika wake, a mataxi amaifuna tsiku ndi tsiku, choncho simuli pa changu chilichonse.

Mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe walemba kuti watopa ndi kugona pa mizere ya mafuta. Akuganiza zogula Toyota Aqua, koma akuluakulu a kwawo akumuopseza ndi nkhani ya batire.

Achimwene, Aqua inayamba kupangidwa mu 2011, ili ndi injini ya malita 1.5 yothandizana ndi mota ya magetsi. M'tauni, poima ndi kunyamuka pafupipafupi, imamwa mafuta ochepa zedi, chifukwa injini imazima yokha mukaima. Zimenezo nzoona. Akuluakuluwo nawonso sakunama: batire yaikulu imakalamba, ndipo kuisintha ndi ndalama zambiri. Ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo ili ndi kafani kokoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kuti izizizira. Fumbi lathu la mwezi wa September likatseka kafaniko, batire imatentha, moyo wake nkufupika. Muzikatsukitsa. Musanapereke ndalama, pezani wa kompyuta ayeze batireyo gawo ndi gawo, musakhutire ndi kuyendetsa kokha. Kumbukiraninso kuti Aqua ndi yofupika pansi. Ngati kumudzi kwanu msewu uli ndi zigwembe, mudzaikhulitsa mimba. Pogulitsa, ogula ambiri adzakutsitsani mtengo poopa batire yomweyo, ndiye sungani mapepala a kuyezako, adzakuyankhulirani.

Tatsala ndi mphindi zochepa. Bambo wa ku Karonga akufunsa kuti angadziwe bwanji ngati makilomita olembedwa pa galimoto ndi oona.

Bambo, funso limeneli ndi lofunika kuposa mtundu wa galimoto. Alipo amene amabweza manambala. Ngati galimoto yangofika kumene kuchokera ku Japan, funsani export certificate yake. Pamalembedwa makilomita omwe inali nawo pamene inkayesedwa kumeneko, limodzi ndi madeti ake. Ngati pepala likuonetsa ambiri kuposa omwe ali pa galimoto, chokanipo. Yang'ananinso chiwongolero, mphira wa pa buleki ndi mpando wa dalaivala: zikakhala zoperepeseka pomwe manambala ndi ochepa, pali chobisika. Ngati ndi ya pompano, nambala ya chasisi ifanane ndi ya mu blue book, ndipo dzina la mu blue book likhale la amene akukugulitsaniyo. Musalole zoti tidzasintha umwini mwezi wamawa. Pitani limodzi ku Road Traffic, nokha, osatuma dobadoba, musinthe dzina tsiku lomwelo, kenaka mupereke ndalama yotsala.

Makalata otsalawa, kuphatikizapo ya mayi wa ku Nsanje yofunsa za Hilux ya dizilo, tidzayamba nawo sabata yamawa.