Mawu anu pantchito musawameze

Ana anga, mvula ikagwa tiyi n'kuphukira, ambiri a inu mukalembedwa ntchito m'maesiteti ozungulira Chitakale kuno ku Mulanje, ena kumunda, ena kufakitale. Akuluakulu adzakulangizani kuti, "Tseka pakamwa, ntchito njosowa." Musawanyoze, akudziwa chimene akunena. Wantchito wanyengo amaimitsidwa masamba akachepa m'chilimwe, ndipo Disembala akafika, kapitawo ndiye amakumbukira oyenera kubwerera. Amene adatchedwa wamakani amangoiwalika, popanda kalata. Ndaziona ndi maso angawa.

Komatu ndaonanso anthu akukalambira pamzere, dengu kumsana, osatsutsapo kanthu, osakwezedwanso. Bwana sangadziwe nzeru za munthu amene sanamumvepo mawu. Amene ndawaona akukwera n'kukhala akapitawo kapena makalaliki ndi aja amanena za ntchito yeniyeniyo: kuti masamba akupsa m'matumba chifukwa thirakitala ikuchedwa, kuti lamba wa makina watha, adula munthu dzanja. Wotero amapulumutsa ndalama za kampani, ndipo dzina lake limafika kuofesi.

Nkhani yagona pa kanenedwe. Kalaliki akalemba makilo osiyana ndi amene sikelo yaonetsa, nenani pomwepo masamba asanakhuthulidwe, mwaulemu: "Achimwene, taonaninso sikeloyo." Musamutche wakuba pagulu, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi sakonza cholakwa, amasunga mangawa. Khalani ndi kakope kanu, muzilemba makilo ndi maola tsiku ndi tsiku, ndipo mapepala a malipiro musayatsire moto. Zodandaulira pakabaza kapena pamowa madzulo zimakafika kwa bwana zitapindika, mwini wake mulibe.

Zikakhala za malipiro, musapite nokha, mutu umodzi susenza denga. Bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWUM lidasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi Tea Association of Malawi mu 2016, zimene wothyola tiyi mmodzi sakadazitha. Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo kudandaula za bwana si chifukwa chochotsera munthu. Ofesi ya zantchito ili paboma pomwepa, khoti la Industrial Relations lili ku Blantyre. Milandu imachedwa, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kakope kaja.

Inu ana aakazi, pali nkhani ina yosafuna kusankha mawu. Amayi 36 a m'minda ya tiyi ya Eastern Produce ku Mulanje ndi Thyolo adakasuma ku London kuti ankachitidwa nkhanza zogonana pantchito, ena kugwiriridwa. Mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wa mindayo, idavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni, ngakhale sidavomere mlandu, ndipo idalonjeza kuika oyang'anira chitetezo cha amayi. Akadapanda amayi amenewo kutsegula pakamwa, sizikadachitika. Mtima umandiwawa ndikaganiza za ena amene adapirira poopa kuti ana agona ndi njala.

Mwana wanga, wina akadzakuuza kuti umuvomere kuti akulembe ntchito chaka chamawa, usagone nazo. Uza mayi wamkulu amene umamukhulupirira tsiku lomwelo, mulembe tsiku ndi malo, m'mawa mupitire limodzi kwa nthumwi ya bungwe kapena kupolisi.