Nambala yanu ya pamtima ndi iti?

Wowulutsa: Sabata yatha tinakufunsani za nambala yomwe mumaikonda, ndipo makalata abwera mulu. Aphunzitsi athu a masamu afika kale. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza, akuti: "Ine ndimakonda 7 chibadwire, koma mwana wanga akuti ndi zikhulupiriro chabe. Kodi 7 ilibe kanthu kake?"

Aphunzitsi: Zikomo. Mayi, simuli nokha. Mu 2014 mlembi wa ku Britain, Alex Bellos, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anafunsa anthu masauzande funso lomweli, ndipo 7 ndiyo inatsogola, 3 n'kubwera pambuyo pake. Mwana wanu sakunama kwenikweni: ena amaikondera masiku a pasabata ndi nkhani za m'Baibulo. Koma muuzeni atenge pensulo. Agawe 1 ndi 7, apeza 0.142857, ndipo manambala amenewa azingobwerezabwereza osatha. Tsopano achulukitse 142857 ndi 2, apeza 285714. Ndi 3, apeza 428571. Mwaona? Manambala ndi omwewo, ndondomeko yake ndi yomweyo, changosintha ndi amene ali patsogolo, ngati amayi ozungulira bwalo povina chimtali. Zikhala choncho mpaka pa 6. Akachulukitsa ndi 7, zituluka 999999. Akaona zimenezo abwere adzakupepeseni.

Wowulutsa: Bambo wina wogulitsa mazira mumsika wa Limbe akuti yawo ndi 30, poti ndiyo imadzadza thireyi.

Aphunzitsi: Bambowo asankha ndi nzeru zamalonda. Mazira 30 mungawagawe mofanana kwa anthu awiri, atatu, asanu, 6, 10 kapena 15 popanda lotsala. Mazira 29 ayi ndithu, wina adandaula basi. Nayonso 60 imagawika mosavuta chonchi. Anthu akale a ku Babulo ankawerengera mu 60, ndipo mpaka lero ola lathu lili ndi mphindi 60.

Wowulutsa: Iyi ndi ya mtsikana wa Fomu 3 ku Nkhotakota. Akuti anamva kuti 28 ndi nambala yangwiro, ndiye akufunsa kuti ungwiro wakewo uli pati.

Aphunzitsi: Mwana wanga, lemba manambala onse amene amagawa 28 popanda chotsala, kupatula mwiniwakeyo. Ndi 1, 2, 4, 7 ndi 14. Uwaphatikize. Yabwerera 28. Nayonso 6 imatero: 1, 2 ndi 3. Ukayesa 12 upeza 16, yapyola. Ukayesa 10 upeza 8, yaperewera. Zangwirozi n'zosowa kwambiri. Ukachoka pa 28 uyenda mpaka 496, kenako 8128, ndipo yachisanu ili kutali, ndi 33,550,336. Katswiri wa masamu Euclid analemba za manambalawa zaka zoposa 2,000 zapitazo, koma pofika mu 2024, ndi makompyuta onsewa, opezeka anali 52 okha. Onsewo amagawika ndi 2. Ngati ilipo ina yosagawika ndi 2, palibe amene anaipezapo, komanso palibe amene anatsimikizira kuti kulibe. Ntchito imeneyo ikudikira iwe ndi anzako.

Wowulutsa: Mnyamata wina sanalembe kwawo, akungofuna mumuuze nambala yamwayi yoti abetchere.

Aphunzitsi: Kulibe, achimwene. Makina obetchera sakumbuka zomwe zinatuluka dzulo. Sungani ndalama zanuzo.

Wowulutsa: Ayankhidwa mwachidule! Koma omvera angapo akufunsa chimodzimodzi: nanga inuyo aphunzitsi, yanu ndi iti?

Aphunzitsi: Yanga ndi 6174. Poiyang'ana ilibe chokopa, koma ili ndi khalidwe lodabwitsa. Amene muli pafupi ndi pepala, tiyeni tichitire limodzi. Sankhani nambala ya manambala anayi, bola onse anayiwo asakhale ofanana. Ine nditenga 1964, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu. Sanjani manambalawo kuyambira wamkulu, ikhala 9641. Sanjaninso kuyambira wamng'ono, 1469. Chotserani, yatsala 8172. Chitaninso chimodzimodzi ndi yankholo: 8721 kuchotsera 1278, yatsala 7443. Pitirizani, mupeza 3996, kenako 6264, kenako 4176. Tsopano 7641 kuchotsera 1467. Yatuluka chiyani?

Wowulutsa: Dikirani ndiwerenge bwino... 6174!

Aphunzitsi: Ndiye yesaninso kuisanja 6174 imeneyo. Ikupatsani 7641 ndi 1467 yomwe ija, yankho n'kukhalanso 6174. Mwafika, palibenso kotulukira. Muyambire kulikonse kumene mufuna, simudutsa maulendo 7 musanagweremo. Chenjezo ndi limodzi: yankho likatuluka la manambala atatu, monga 999, muikeko 0 kutsogolo kuti akhalebe anayi. Ambiri amasokonezekera pamenepo n'kumati aphunzitsi atinamiza.

Amene anatulukira zimenezi cha m'ma 1949 ndi D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa pasukulu m'tauni ya Devlali ku India. Sanali pulofesa wa payunivesite, ankangosewera ndi manambala akaweruka kuntchito, ndipo kwa nthawi yaitali akatswiri kwawoko sankamuwerengera. Lero nambalayi imatchedwa ndi dzina lake. Ndimaikonda chifukwa safunika kundikhulupirira ine: mwana wa Sitandade 5 wodziwa kuchotsera angathe kudzionera yekha kuseri kwa kope lake.

Wowulutsa: Nthawi yatithera, aphunzitsi. Mawu omaliza?

Aphunzitsi: Ndikusiyirani ntchito ya kunyumba. Manambala atatu nawonso ali ndi pogwera pawo. Tengani nambala ngati 352, muisanje ndi kuchotsera monga tachitira muja, mpaka itasiya kusintha. Sindikuuzani yankho. Mutilembere, ndipo musangotumiza yankho lokha ayi, tionetseni ndi njira yomwe mwadutsa. Makalata anuwo tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.