Kupima Sola ya pa Nyumba

M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'Nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anasowa m'Zambia. Anthu ambiri anagula sola, ndiyo galasi losandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi.

Munthu wanzeru asanagule ayamba wawerenga, nacurukitsa mawati a cinthu ciri conse ndi maora ace. Nyale 4 za mawati 10 zikayaka maora 5 zidya 200. Wailesi ya kanema ya mawati 50 idya 200 pa maora 4. Zonse pamodzi ndi 400. M'dziko muno dzuwa liwala kolimba maora ngati 5 pa tsiku. Tsono 400 kugawa ndi 5 ndi 80. Popeza magetsi ena atayika m'batire ndi m'nthambo, iye agula sola ya mawati 100, naipenyetsa kumpoto, pamalo opanda mthunzi. Wogula yocepa magetsi amthera usiku usanafike pakati.