Ma Coilover: Kukonza Miyendo ya Galimoto Yothamanga Kuti Ikwanitse Msewu ndi Bwalo

Kapepala aka ndi ka inu amene muli ndi galimoto yaing'ono yothamanga, mumapita nayo kuntchito mkati mwa sabata, koma Loweruka lina mumafuna kukaiyesa pabwalo la mpikisano. Ndi kanunso amakaniko, makamaka anzathu ogwira ntchito m'magalaja a ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town, amene mumalandira eni galimoto atanyamula katoni ya zitsulo zatsopano n'kunena kuti, "Bwana, ndiikireni izi, ikhale pansi." Mabwalo monga Zwartkops kufupi ndi Pretoria, Killarney ku Cape Town ndi Red Star Raceway ku Delmas amakhala ndi masiku oti munthu wamba alipire n'kulowa ndi galimoto yake ya tsiku ndi tsiku. Kumeneko miyendo yomangidwa mwachisawawa imadziulula pakona yoyamba.

Chitsanzo chathu chikhala Toyota 86, yomwe inatuluka mu 2012 pamodzi ndi mapasa ake, Subaru BRZ. Injini yake ndi ya malita 2, imakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 1,250. Zambiri zimene tinene pano zikhudzanso Mazda MX-5 ndi galimoto zina za msinkhu umenewu.

Chipangizochi n'chiyani?

Pa tayala lililonse pali sipuling'i ndi shoko. Sipuling'i imanyamula kulemera kwa galimoto n'kumafinyika tayala likagunda chitunda. Shoko imaletsa sipuling'iyo kudumphadumpha: mkati mwake muli mafuta amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kuvuta kwa mafutawo podutsa ndi kumene kumatontholetsa galimoto. Coilover ndi sipuling'i ndi shoko zomangidwa pamodzi, koma thupi la shoko lili ndi mazinga, ndipo mphete yokhalapo sipuling'i imakwera kapena kutsika mukaizungulitsa ndi sipanala yake. Motero mumasankha nokha kutalika kwa galimoto kuchokera pansi. Mitundu yambiri ilinso ndi kachitsulo kopotokola kolira "tiki, tiki", kofewetsera kapena kulimbitsira shoko.

Kulimba si kugwira msewu

Apa m'pamene ambiri amatayira ndalama. Galimoto imagwira msewu ndi timalo tinayi tokha, pamene mphira wakhudza phula, ndipo kalikonse sikaposa chikhatho cha munthu wamkulu. Ntchito yonse ya miyendo ndi kusunga timalo timeneti pansi, topanikizika bwino. Sipuling'i ikalimba mopitirira, tayala likagunda kachitunda silikwera lokha. Limanyamula galimoto yonse, ndipo kwa kanthawi kochepa mphira umapepuka kapena kusiyiratu pansi. Pa nthawi imeneyo chiongolero ndi mabuleki alibe chogwira. Woyendetsa amamva kugwedezeka m'msana n'kuganiza kuti galimoto yasanduka ya mpikisano, chonsecho wotchi ikusonyeza kuti akuchedwa kuposa kale.

Kufewa kopitirira nako kuli ndi vuto lake. Galimoto imapendekeka kwambiri pakona, tayala lakunja limagona chammbali n'kumayenda ndi phewa, ndipo imachedwa kumvera mukasintha mbali msangamsanga. Zili ngati mayi wosenza chidebe cha madzi panjira ya miyala: mawondo ndi chiuno zimagonja pang'ono pa phazi lililonse kuti mutu ukhale bata, akaumitsa thupi, madzi amatayika, akalekerera, amagwa.

Kulimba kwa sipuling'i kumalembedwa m'makilogalamu pa milimita. Sipuling'i ya 6 kg/mm imafuna makilogalamu 6 kuti ifinyike milimita imodzi. Pa 86 yoyenda pamsewu ndi pabwalo pomwe, ma coilover a pakati pa 5 ndi 6 kg/mm ndiwo amakhala pakatikati pabwino. Kuyambira 8 kupita m'mwamba ndi a galimoto yovala matayala omata kwambiri, yokhalitsa pabwalo. Mukaiyendetsa m'misewu ya maenje ya ku Johannesburg mudzaida. Onaninso kuti manambala a kutsogolo ndi a kumbuyo sayerekezeka mwachindunji. Kutsogolo kwa 86 kuli miyendo ya mtundu wa MacPherson, pomwe sipuling'i imayenda pafupifupi mofanana ndi tayala. Kumbuyo shoko imakhala pa mkono wapansi, chamkati ndithu, ndiye tayala limaimva sipuling'iyo mofewerapo kuposa nambala yolembedwa.

Komabe chimene chimasiyanitsa coilover yabwino ndi yachabechabe ndi shoko. Shoko yabwino imalimba galimoto ikamapendekeka pang'onopang'ono pakona, koma imatseguka msanga tayala likamenya dzenje mwadzidzidzi. Yotchipa nthawi zambiri imadziwa chimodzi chokha, kulimba ponseponse, ndipo ikatentha imafooka. Ngati thumba lanu silikwanira zonse, gulani shoko zabwino ndi masipuling'i ofewerapo kusiyana ndi katoni yonyezimira ya matiki 32 amene theka lake simungawasiyanitse.

Musanagule kanthu

Yambani mwapita kubwalo galimoto ili momwe inabwerera ku fakitale, kamodzi kapena kawiri. Toyota inaveka 86 matayala a Michelin Primacy HP a 215/45 R17, amtundu umene unkaikidwanso pa Prius, dala, kuti kumbuyo kuzitsetsereka mosavuta. Kungosintha matayala amenewa kumasintha galimoto kuposa chitsulo chilichonse chimene mungamange. Chachiwiri ndi mabuleki: mafuta a DOT 4 atsopano sawira mpaka madigiri 230 kapena kuposa, koma akakhalitsa amamwa chinyezi, n'kuwira msanga, phazi n'kulowa mpaka pansi. Asintheni. Kenako kwezani galimoto muone mabushi, ma ball joint ndi ma tie rod. Coilover yatsopano yomangidwa pa bushi yong'ambika ndi ndalama zotayidwa.

Galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan zina zimabwera zili kale ndi ma coilover, zitatsitsidwa molingana ndi misewu yosalala ya kumeneko. Ngati yanu ndi yotero, yang'anani ngati mashoko akudontha mafuta ndiponso ngati mphete zikutembenuka. Mwina chimene ikufuna n'kukwezedwa chabe.

Mitundu imene ilipo

Bilstein ndi KW ndi a ku Germany, Öhlins ndi ya ku Sweden, Tein ya ku Japan, BC Racing ya ku Taiwan. Bilstein B14 ndi KW V1 zimakulolani kusintha kutalika kokha. Kulimba kwa shoko anakonzeratu ku fakitale, ndipo kwa woyamba kumene zimenezo n'zabwino, chifukwa palibe chosokoneza. Bilstein B16 ndi Öhlins Road & Track zili ndi chopotokola chimodzi pa shoko iliyonse. KW V3 ili ndi ziwiri: china cha pofinyika, china cha potambasuka. Zopotokola zikachuluka, njira zolakwitsira zimachulukanso.

Funso lofunika kwa wogulitsa ndi lakuti: shoko ikatopa, ndani angaitsegule n'kuikonza, ndipo ali kuti? Shoko yoti mpaka muitumize kutsidya kwa nyanja idzakhazika galimoto yanu pa matabwa kwa miyezi.

Kutsitsa: pang'ono n'kokwanira

Toyota 86 inkachoka ku fakitale ili pafupifupi masentimita 13 kuchokera pansi, ndipo ndi yotsika kale. Kuitsitsa ndi mamilimita 20 mpaka 25 kumathandiza. Kupitirira 30 mavuto amayamba, ndipo sikuti ndi kukhula mimba pa mahampu kokha. Shoko ili ndi mtunda wochepa woyendamo. Mukatsitsa kwambiri imafika msanga pa kamphira kotsekera kumapeto, ndipo ikagunda pamenepo pakati pa kona galimoto imalimba mwadzidzidzi n'kuterereka. Komanso mkono wapansi wa kutsogolo, umene uyenera kukhala wopingasa kapena kuloza pansi pang'ono cha kutayala, umayamba kuloza m'mwamba. Zikatero galimoto imafuna kupendekeka kwambiri ngakhale ili pansi, tayala limataya kaimidwe kake pakona, ndipo chiongolero chimadzikoka chokha pa zitunda. Galimoto yogona pansi imakongola pachithunzi, koma amene amathamanga zenizeni simudzawaona atatero.

Pomanga

Galimoto ikhale pa zitsulo zochirikiza, osati pa jeke yokha. Sipuling'i yakale muichotse ndi chofinyira chake. Sipuling'i yothawa imathyola nsagwada. Musanamasule chilichonse, yezani kuchokera pakati pa tayala kufika pamphepete mwa bodi, mbali zonse zinayi, pamalo osalala, n'kulemba. Pakani mafuta oletsa dzimbiri pa mazinga a coilover musanaimange.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kumangitsa mabawuti a mikono galimoto ili m'mwamba, matayala akulendewera. Bushi ya mphira imagwidwa ili pamalo olakwika, ndipo galimoto ikatsika imakhala yopotoka moyo wake wonse mpaka kung'ambika. Mabawuti amenewa amangitsidwe kulemera kwa galimoto kuli pa matayala. Manati a matayala a 86 amafuna 120 Nm, ndi sipanala yoyezera, osati kudumphira pa paipi. Mukatha, yendani nayo masiku angapo kuti masipuling'i akhazikike, yezaninso kutalika, kenako pitani ku alayimenti.

Galaja yokhala ndi masikelo anayi, limodzi pansi pa tayala lililonse, ingakuchitireni chinthu china chothandiza. Woyendetsa atakhala pampando wake, amawonkhetsa kulemera kwa tayala lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere, n'kusintha mphete mpaka ziwirizo zinyamule theka la kulemera konse. Galimoto yotero imakhota mofanana kumanja ndi kumanzere.

Alayimenti

Camber ndi kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo. Nambala ikakhala ndi chizindikiro chochotsera, ndiye kuti pamwamba pa tayala papendekera mkati. Kutsogolo kwa 86 kunkachoka ku fakitale kuli pafupi ndi 0, ndipo palibe posinthira. N'chifukwa chake imadya phewa lakunja la matayala tsiku limodzi lokha la pabwalo. Mabawuti apadera a camber, kapena mbale zosunthika za pamwamba pa coilover, zimathetsa vutoli. Kwa galimoto ya ntchito ziwiri, pafupifupi madigiri -2 kutsogolo ndi -1.5 kumbuyo ndi poyambira pabwino. Othamanga pabwalo pokha amafika -3, koma pamsewu wowongoka zimenezo zimadya mkati mwa tayala. Kumbuyo, galimoto ikatsika camber imawonjezeka yokha, ndipo kuti muibweze pamafunika mkono wapansi wosinthika.

Toe ndi kuloza kwa matayala mukawayang'ana kuchokera pamwamba. Kutsogolo ikhale pa 0, kumbuyo matayala aloze mkati pang'ono kwambiri kuti galimoto isagwedeze mchira pogwira mabuleki. Toe yolakwika imamaliza matayala msanga kuposa camber, ndipo nthawi iliyonse mukasintha kutalika kwa galimoto, toe imasinthanso.

Tsiku la kubwalo

Yambani ndi matiki amene kabuku ka opanga kanena. Ambiri amawerenga kuchokera polimba penipeni kubwerera m'mbuyo. Zungulirani kangapo, imani, sinthani chinthu chimodzi chokha, matiki awiri mbali zonse ziwiri, n'kulemba m'kope. Mukasintha shoko, mpweya ndi camber nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza.

Galimoto ikamakana kukhota, mphuno ikupita kunja kwa kona, fewetsani kutsogolo kapena limbitsani kumbuyo pang'ono. Ikamaponya mchira, chitani mosemphanitsa. Lamulo lomweli limagwiranso pa chitsulo chopingasa cholumikiza matayala awiri, anti-roll bar: mbali imene mwalimbitsa ndiyo imayamba kutsetsereka. Koma musanakhudze sipanala dzifunseni ngati simukulowa pakona ndi liwiro lopitirira. Nthawi zambiri mphuno imakana chifukwa cha phazi la woyendetsa, ndipo mlangizi wa pabwalo atakhala pambali panu theka la ola adzakuchotserani masekondi ambiri kuposa katoni iliyonse.

Mpweya wa matayala muyeze mutangoima, akadali otentha. Pamsewu 86 imafuna 240 kPa matayala ali ozizira. Pabwalo kutentha kumaukweza kwambiri, ndiye muphwetse pang'ono kuti akatentha akhale pafupi ndi nambala yomweyo. Ngati muli ndi choyezera kutentha, yezani mkati, pakati ndi kunja kwa tayala. Kunja kukatentha kuposa mkati, camber ikuchepa. Pakati pakatentha kuposa m'mbali monse, mpweya wachuluka.

Pobwerera kunyumba

Musanatuluke pachipata, matayala atazizira, bwezerani mpweya pa 240 kPa ndipo mashoko muwabweze pa matiki a pamsewu. Shoko yolimbitsidwa pa phula lonyowa, lokhala ndi zigamba, imataya msewu popanda chenjezo.

Auzeni a inshulansi kuti mwasintha miyendo, ndipo mufunse ngati amalipira ngozi ya pabwalo, chifukwa ambiri salipira. Galimoto iyenerabe kupambana mayeso a boma oyendera pamsewu: matayala asakhule bodi chiongolero chikafika kumapeto, mapaipi a mabuleki asakokeke, ndipo nyali ziwongoledwenso chifukwa kutalika kukasintha zimaloza kwina. Ngati mukufuna kudzapita nayo kumudzi pa Khirisimasi kudzera pa Beitbridge ndi Mwanza, ikwezeni ifike pa msinkhu wa ku fakitale, muchititsenso alayimenti musananyamuke.

Nyengo ya mvula ikatha, tsukani mazinga ndi burashi ndi madzi, muumitse, mupakenso mafuta, n'kutembenuza mphete pang'ono kuti zisagwirane ndi thupi la shoko. Mbale za pamwamba zokhala ndi mpira wachitsulo m'malo mwa mphira zimayamba kugogoda fumbi likalowa. Zikatero mpirawo usinthidwe. Shoko yonyowa mafuta m'mbali, kapena galimoto yodumpha kawiri katatu itadutsa hampu, ndi chizindikiro choti nthawi yokonzetsa yakwana, ndipo mashoko amakonzedwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere pamodzi.